Ku Liverpool, kumene John ndi Paul anaphunzirira kupeka nyimbo

Lolemba

Ndafika masana ano pa siteshoni ya Lime Street, kunja kukuwaza kamvula ndi kamphepo kochokera kumtsinje. Ambiri kwathu mukamva dzina la Liverpool mumaganiza za mpira, ndipo ena mwanditumizira kale mauthenga kuti ndikakujambulireni Anfield. Mundikhululukire abale anga, ulendo uno ndi wa nyimbo. Ndimaimba gitala mu kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Leeds, ndimapekanso nyimbo zangazanga, ndiye pali funso limene lakhala likundisowetsa mtendere: anyamata awiri osadziwa kuwerenga manotsi a nyimbo, John Lennon ndi Paul McCartney, anaphunzira bwanji kupeka nyimbo zimene mpaka lero zikulirabe pa wailesi? Za kutchuka kwa gulu lawo, The Beatles, zinakambidwa kale mokwanira. Ine ndikufuna zaka zija asanadziwike, kuyambira 1957 kufika 1963.

Nditasiya chikwama kumalo ogona ndinatsikira ku mtsinje wa Mersey. Pa Pier Head pali ziboliboli za anyamata anayiwo, John, Paul, George Harrison ndi Ringo Starr, zimene zinaikidwa mu 2015, ndipo anthu amachita kuima pamzere kuti ajambulitse. Ine maso anali kumadzi. Mzinda uno ndi wapadoko. Chuma chake chakale chinachokera ku malonda a akapolo ndi thonje, ndipo ku Albert Dock, chapafupi pomwepa, anatsegulako nyumba yosunga mbiri ya ukapolo mu 2007. Nyanja imene inawolotsa makolo a anthu akuda kupita nawo ku America ndi yomweyo imene inabweretsa kuno nyimbo za zidzukulu zawo, Chuck Berry, Little Richard, Fats Domino. Ana a mumzinda uno ankazimva usiku pa Radio Luxembourg, wailesi ikudukizadukiza, kapena pa chimbale chimodzi chimene chinkayenda nyumba ndi nyumba.

Ndisanaiwale, a Kamuzu Banda anagwirapo ntchito ya udokotala mumzinda uno pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zaka zomwe anyamatawa ankabadwa.

Lachiwiri

Lero ndalowa m'nyumba ziwiri zimene ndinadzera ulendo uno. Zonse zili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri yakale, ndipo sungangofika n'kugogoda. Umalembetseratu, amakutenga pa kaminibasi kawo, ukafika mafoni ndi makamera amakutsekerani m'kabati. Ndazikonda zimenezi, chifukwa munthu umaona ndi maso ako.

Tinayambira ku Mendips, nambala 251 Menlove Avenue, ku Woolton. John analeredwa muno kuyambira ali ndi zaka 5 ndi amayi ake aakulu, a Mimi Smith, pamodzi ndi amuna awo a George. Bambo ake anali wogwira ntchito m'sitima zapanyanja, wosakhala pakhomo, ndipo mayi ake omubereka, a Julia, ankakhala dera lina la mzinda womwewu. Nyumbayi si ya anthu ovutika: kapinga kumaso ndi kuseri, magalasi okongoletsa m'mawindo, mabuku m'mashelefu. A Mimi anali mayi amalamulo, okonda kuwerenga, ndipo John anakula akuwerenga, kulemba tindakatulo toseketsa ndi kujambula zithunzi. Gitala ankaiona ngati choseweretsa chimene sichingadyetse munthu, ndipo ankamuuza mosabisa.

Pakhomo lakumaso pali kakhonde kotchingidwa ndi magalasi, kakang'ono moti anthu awiri okhala ndi magitala ayenera kugundana zigongono. A Mimi sankafuna phokoso m'nyumba, choncho John ndi Paul ankawatulutsira kumeneko. Anyamatawo anadzakakonda kamalo aka chifukwa matailosi apansi ndi magalasi amabweza mawu. Wotiyendetsa anatilola kulowamo ndi kutseka chitseko. Ndinaimba mzere umodzi wa nyimbo ya kwaya chapansipansi, mawu anabwerera atanenepa, ndipo mpweya uliwonse umene ndinakoka unamveka. Munthu woimbira m'kakhonde ngati aka amadzimva yekha bwinobwino, ndipo mnzake akaphonya pang'ono sangabise. Kugwirizana kwa mawu a John ndi Paul kumene timakumva pa zimbale kunasulidwa m'malo opanikiza ngati amenewa.

Titatuluka anatilozera msewu. Pa 15 Julaye 1958 a Julia ankachokera kocheza kwa akulu awo muno, ndipo akuwoloka Menlove Avenue anagundidwa ndi galimoto yoyendetsedwa ndi wapolisi amene sanali pantchito. Anamwalira. John anali ndi zaka 17, ndipo inali nthawi imene anali atayamba kuzolowerana nawo mayi akewo. Ndiwo anamuphunzitsa kugwira banjo, ndiwo ankalola anzake kudzayeserera nyimbo kwawo.

Kuchoka apo tinapita ku 20 Forthlin Road, ku Allerton, mtunda woti mnyamata amayenda wapansi kapena panjinga podutsa pabwalo la gofu. Iyi ndi nyumba ya khonsolo, yogundizana ndi zinzake, ndipo banja la McCartney linalowamo mu 1955. Chaka chotsatira, pa 31 Okutobala 1956, mayi a Paul, a Mary, amene anali namwino ndi mzamba, anamwalira ndi khansa ya m'mawere. Paul anali ndi zaka 14. Bambo Jim, ogulitsa thonje, anatsala ndi ana aamuna awiri. Ndiye onani: anyamata awiri amasiye a mayi, m'dziko ndi m'nthawi imene mwana wamwamuna sankayenera kulira pagulu. Paul anapeka nyimbo yake yoyamba, "I Lost My Little Girl", m'miyezi yomweyo ya maliro.

Mosiyana ndi ku Mendips, muno nyimbo zinali zololedwa. Bambo Jim anatsogolerapo bandi ya jazz ali mnyamata, ankaliza lipenga ndi piyano, ndipo piyano yawo anaigula ku sitolo ya NEMS ya banja la Epstein, osadziwa kuti mwana wa eni sitoloyo adzakhala manijala wa mwana wawo. Anamugulira Paul lipenga, iye n'kukalisinthitsa ndi gitala chifukwa sungaimbe pakamwa pali lipenga. Poti ndi wamanzere, anachita kutembenuza nsambo zonse. Bambowa anaphunzitsa ana awo kumva mawu apansi ndi apamwamba m'nyimbo, ndipo nyimbo zachikale za m'maholo zinamulowa Paul m'magazi. "When I'm Sixty-Four", imene inatuluka mu 1967, anaipeka pa piyano ya bambo akeyo akadali mnyamata wapasukulu.

Pabalaza ndi pamene ndinakhalitsa. Ndi kachipinda wamba, mipando, moto, piyano kukhoma. Masana bambo Jim ali kuntchito, Paul ankajomba ku Liverpool Institute, John n'kujomba ku sukulu ya zojambulajambula, n'kudzakhala apa moyang'anizana, maondo pafupi kugundana. Wina wamanja, wina wamanzere, ndiye aliyense ankaona zala za mnzake molunjika ndi zake. Mawu ankawalemba m'kope la kusukulu, pamwamba pa tsamba Paul n'kulemba kuti iyi ndi nyimbo inanso ya Lennon ndi McCartney. Maimbidwe ake analibe powalemba chifukwa manotsi sankawadziwa. Choncho anali ndi lamulo limene Paul wakhala akulifotokoza: nyimbo ikaiwalika pofika mawa, ndiye kuti sinali yabwino, pakuti ngati eni ake alephera kuikumbukira, womvera angaikumbukire bwanji? Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake nyimbo zawo zoyamba zimakakamira m'mutu ukangozimva kamodzi. Zimene zinali zosakakamira zinafera pabalaza pomwepa.

Pakhoma pali chithunzi chimene anajambula mng'ono wake wa Paul, Mike. Awiriwo awerama pa magitala, kope lili pansi pakati pawo, akukonza "I Saw Her Standing There". Paul anabwera nayo atayamba kale, mzere wachiwiri ukunena za chiphadzuwa cha pampikisano. John anaukana, anati ngozizira, ndipo anasakasaka mpaka anapeza wina. Besi yake Paul anavomera yekha kuti anaitenga m'nyimbo ya Chuck Berry. Umu ndi mmene ankagwirira ntchito: wina abweretsa theka, mnzake athyola chofooka n'kumangapo china. Ife opeka nyimbo tokhatokha timasowa munthu ameneyu, woti akuuze pamaso kuti mzere uwu ndi wabodza, iwe osamusungira chakukhosi.

Lachitatu

Ndinakwera basi kubwerera ku Woolton, ku tchalitchi cha St Peter's. Pa 6 Julaye 1957, tsiku losavuta kukumbukira kwa ife Amalawi, panali chisangalalo cha mpingo pabwalo la kuseri, ndipo gulu la John, The Quarrymen, limene linadzasanduka The Beatles, linaimba. Dzinali linachokera ku sukulu yawo, Quarry Bank. Ankaimba skiffle, nyimbo zimene zinafala pakati pa achinyamata a ku Britain Lonnie Donegan atatchuka ndi "Rock Island Line". Zida zake zinali za pakhomo: gitala yotsika mtengo, thabwa lochapirapo zovala limene ankalikwecha ndi zala, ndi besi yopangidwa ndi bokosi la tiyi, mpini wa tsache ndi chingwe chimodzi. Amene munaonapo babatoni mwaidziwa kale besi imeneyi. Skiffle inauza mwana aliyense kuti akhoza kuyamba bandi lero lomwe, popanda mphunzitsi.

Madzulo a tsikulo, m'holo ya tchalitchi tsidya lina la msewu, mnzawo Ivan Vaughan anamuonetsa Paul kwa John. John anali ndi zaka 16, Paul 15. Paul anatenga gitala n'kuimba "Twenty Flight Rock" ya Eddie Cochran, mawu onse osaphonya, pamene John ankangodzazira mawu akeake pomwe waiwala. Anawaonetsanso katchunidwe ka gitala, chifukwa ya John inali yotchunidwa ngati banjo. John anadzafotokoza pambuyo pake kuti anavutika nazo mumtima: alowetse munthu woti angamuphimbe, kapena akhalebe mfumu ya gulu lofooka? Anasankha gulu lamphamvu. Pa zonse zimene ndawerenga za mnyamatayu, ichi ndi chimene ndimamulemekezera kwambiri.

Kumanda a patchalitchipa kuli chiliza cholembedwa dzina la Eleanor Rigby, amene anamwalira mu 1939, ngakhale Paul amati dzina la m'nyimbo yawo ya "Eleanor Rigby" analitenga kwina. Inu a mpira, a Bob Paisley, amene anapatsa Liverpool zikho zitatu za European Cup, anagonanso pomwepa.

Strawberry Field ili pafupi, pa Beaconsfield Road. Inali nyumba yolerera ana ya Salvation Army, ndipo John ankalumpha mpanda kukasewera m'mitengo yake. Inatsekedwa mu 2005, inatsegulidwanso kwa alendo mu 2019, ndipo pano amaphunzitsirako ntchito achinyamata ovutika kuphunzira. Pobwerera ndinatsikira pa Penny Lane, pamphambano pamene mabasi ankatembenukira. Ndi malo wamba, masitolo, ometa tsitsi, magalimoto. Nyimbo ziwiri zotchula malo amenewa, "Strawberry Fields Forever" ndi "Penny Lane", zinatuluka pa chimbale chimodzi mu Febuluwale 1967, aliyense akukumbukira ubwana wake m'njira yakeyake, John molota, Paul mowerenga anthu a mumsewu mmodzimmodzi.

Mabasi ali paliponse m'mbiri imeneyi. Paul anadziwana ndi George Harrison m'basi yopita kusukulu. George, mwana wa dalaivala wa basi, anayesedwa mayeso olowera m'gulu mu 1958 poimba "Raunchy" pa mipando ya pamwamba m'basi. Paul amasimbanso kuti anakwerapo mabasi kuwoloka mzinda wonse kukafuna munthu amene ankadziwa kagwiridwe ka B7 pa gitala. Lero mwana amangotsegula YouTube.

Lachinayi

Lero ndayenda pakati pa tawuni. Pa Mount Street pali nyumba ya Liverpool Institute, imene Paul anathandiza kuisandutsa sukulu ya zaluso ya LIPA mu 1996, moyandikana ndi kumene John ndi mnzake Stuart Sutcliffe ankaphunzira zojambulajambula. Kutsika pang'ono, pa Slater Street, pali The Jacaranda, malo omwera khofi amene anali a Allan Williams. M'chipinda chapansi munkaimba gulu la ku Caribbean loliza ng'oma za migolo, ndipo anyamatawa ankachezera mmenemo opanda ndalama.

Apa ndikufuna kutchula munthu amene otiyendetsa ambiri amamudumpha: Harold Phillips, wodziwika kuti Lord Woodbine, woimba calypso wochokera ku Trinidad, amene anafika ku Britain pa sitima ya Empire Windrush mu 1948. Anali mnzake wa Williams pabizinesi, ankawapatsa anyamatawa mpata woimba, ndipo anali nawo m'galimoto imene inawatengera ku Hamburg, m'dziko la Germany, mu Ogasiti 1960. Liverpool ili ndi anthu akuda kuyambira kalekale, makamaka ku Toxteth, ndipo nyimbo za m'makalabu awo zinali mbali ya zimene anyamatawa ankamva. Mbiri ikamakambidwa popanda iwo imakhala yoperewera.

Ku Hamburg anayamba kuimba pa 17 Ogasiti 1960 ku kalabu ya Indra, kenako ku Kaiserkeller. Anali asanu: John, Paul, George, Stuart pa besi ndi Pete Best pa ng'oma. Ankagona kuseri kwa nyumba ya kanema ya Bambi Kino, pafupi ndi zimbudzi, n'kumaimba maola ochuluka usiku uliwonse kwa anthu oledzera. George anathamangitsidwa m'dzikomo mu Novembala chifukwa anali ndi zaka 17 zokha. Stuart anadzatsalira komweko ndi bwenzi lake Astrid Kirchherr, ndipo anamwalira pa 10 Epulo 1962 ali ndi zaka 21. M'zaka zimenezi sanapeke nyimbo zambiri. Ankaimba za eni ake, mazanamazana, rock and roll, country, nyimbo za m'mafilimu, za magulu a atsikana akuda a ku America monga The Shirelles ndi The Marvelettes. Koma munthu ukaimba nyimbo ya mnzako usiku ndi usiku umadziwa mmene inamangidwira, pamene imakwera, pamene imapumira, pamene anthu amadzukira kukavina. Sukulu yawo ya kupeka inali imeneyo.

Madzulo ndinatsika masitepe a Cavern Club pa Mathew Street. Dziwani kuti iyi si yakale yeniyeni: yoyamba inatsekedwa mu 1973 n'kukwiriridwa, ndipo ino inamangidwa mu 1984 pogwiritsa ntchito njerwa zambiri zakale. Komabe denga lake lokhota ndi lotsika limakupatsa chithunzi. Kale chinali chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo katundu, mowa sankagulitsamo, thukuta la anthu linkachita kudontha kuchokera kudenga. The Beatles anaimbamo maulendo 292 pakati pa 1961 ndi 1963, nthawi zambiri masana, atsikana a m'maofesi atabwera ndi chakudya chawo m'manja. Brian Epstein, mwana wa eni sitolo ya NEMS uja amene anadzakhala manijala wawo, anawaonera muno pa 9 Novembala 1961.

Magulu mu Liverpool anali ambiri, onse akusaka zimbale zomwezo za ku America. Ukakhala wachitatu kukwera pa siteji, unkapeza oyamba aja aimba kale nyimbo zako zonse. Paul amati ichi ndi chimodzi mwa zimene zinawabwezera ku kope lija: nyimbo yako palibe angakutsogolere nayo. Woimba wa usiku uno, mnyamata ndi gitala yake, anaimba nyimbo zawo zokhazokha, anthu a zilankhulo zosiyanasiyana akumuthandiza mawu onse.

Lachisanu

M'mawa ndinapita ku West Derby, ku Casbah Coffee Club, m'chipinda chapansi cha nyumba ya mayi Mona Best pa Hayman's Green. Inatsegulidwa pa 29 Ogasiti 1959, ndipo The Quarrymen anathandiza kupaka penti asanaimbe usiku woyamba. Nyenyezi ndi utawaleza zimene anajambula kudenga zikadalipo. Mosiyana ndi Cavern, pano sipanagwetsedwepo. Mtima unandiwawa poganiza za Pete Best, mwana wa m'nyumba muno, amene anavutika nawo ku Hamburg ndi kuimba nawo zaka ziwiri, n'kuchotsedwa pa 16 Ogasiti 1962 kudzera kwa Epstein, anzake osamuuza okha. Ringo Starr wa ku Dingle, amene ankaimba ndi Rory Storm and the Hurricanes, anali woyenera gululi kuposa Pete, zimenezo sinditsutsa. Koma kachotsedwe kake kanali kopanda ulemu.

Masana ndinadutsa pa Whitechapel pamene panali sitolo ya zimbale ya NEMS, ofesi ya Epstein. Pa 1 Januwale 1962 anawatengera ku London kukayesedwa ndi kampani ya Decca. Anaimba nyimbo 15, zawozawo zitatu zokha, ndipo anakanidwa. Amene anawalandira ndi George Martin wa kampani ya zimbale ya Parlophone. Masiku amenewo oimba ambiri sankapeka, ankapatsidwa nyimbo ndi akatswiri olemba. Martin anawapatsa "How Do You Do It" ya Mitch Murray. Anaijambula pa 4 Seputembala 1962, koma anaumirira kuti ituluke yawo, "Love Me Do", imene Paul anaiyamba ali ndi zaka pafupifupi 16. Inatuluka pa 5 Okutobala n'kufika pa nambala 17. Nyimbo anaikana ija anaitenga Gerry and the Pacemakers, anzawo a mu Liverpool momwemo, ndipo inafika pa nambala 1. Martin sanalakwitse pa nyimboyo, koma anyamatawa ankafuna kukhala ngati Buddy Holly, woimba zopeka yekha, ndi Gerry Goffin ndi Carole King, awiri opeka limodzi.

"Please Please Me" John anailembera ku Mendips, yoyenda pang'onopang'ono potengera woimba wa ku America Roy Orbison. Martin anawauza kuti aithamangitse, ndipo itatuluka mu Januwale 1963 zonse zinatseguka. Pa 11 Febuluwale anajambula nyimbo 10 tsiku limodzi. Chimbale choyambacho chinali ndi nyimbo 14, zawo 8. "From Me to You" anaipekera m'basi ali paulendo woimba, "She Loves You" anaiyambira m'hotela ku Newcastle n'kudzaimalizira ku Forthlin Road, bambo Jim n'kudandaula kuti mawu ena anali achimereka kwambiri. Pofika Julaye 1964, nyimbo zonse 13 za pa A Hard Day's Night zinali za Lennon ndi McCartney. Pangano lawo la paunyamata, loti nyimbo ya mmodzi ilembedwe maina a onse awiri, analisunga mpaka gulu litatha mu 1970.

Pangano limene linawapweteka ndi lina. Mu Febuluwale 1963 anasaina ndi Dick James, wofalitsa nyimbo, kukhazikitsa kampani ya Northern Songs yoti izisunga umwini wa nyimbo zawo. James ndi mnzake anatenga pafupifupi theka, John, Paul ndi Epstein n'kugawana zotsalazo. John anali ndi zaka 22, Paul 20, ndipo za malamulo a umwini wa nyimbo sankazidziwa. Mu 1969 James anagulitsa gawo lake ku kampani ya ATV ya Lew Grade osayamba wawafunsa, iwo anayesa kuigula kampaniyo koma analephera. Mu 1985 Michael Jackson anagula ATV Music pa madola 47.5 miliyoni, nyimbo zambiri za Lennon ndi McCartney zili momwemo. Paul anali ndi zaka 74 pamene anakasuma kukhoti ku New York mu 2017 pofuna kubwezeredwa umwini wa gawo lake ku America. Mlanduwo unathera kunja kwa khoti chaka chomwecho, ndipo zimene anagwirizana ndi Sony/ATV, kampani imene inali ndi umwini wa nyimbozo panthawiyo, sanaziulule.